Kukuta Zipolopolo za Mtovu ndi Utoto wa Ufa: Kuyerekeza Njira za Oumba Kunyumba

Ku United States, kumene malamulo a boma lalikulu amalola munthu woyenera kukhala ndi mfuti kudzikonzera zipolopolo zoti agwiritse ntchito yekha popanda chilolezo chapadera, kuli anthu ambiri amene amasungunula mtovu, kuuthira m'chikombole, n'kutulutsa mitu ya zipolopolo yowombera chandamale kapena yosakira nyama. Mutu wa chipolopolo ndi kanthu kamene kamathamanga mumpope wa mfuti n'kutuluka, ndipo nkhani ino ikukhudza kanthu kameneka kokha, osati onga kapena chigoba cha mkuwa chimene chimatsala mfuti ikalira. Kwa zaka zoposa 100, woumba aliyense ankadziwa kuti mutu wa mtovu uyenera kupakidwa girisi usanalowe mumpope. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010 ambiri anayamba kusiya girisi n'kumakuta mituyo ndi utoto wa ufa, womwe uja umene mafakitale amakutira mipando yachitsulo, malimu a galimoto ndi mafelemu a njinga. Wowerenga amene ali ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique, ku South Africa kapena ku Britain adziwe kuti m'mayiko amenewa nkhani za mfuti ndi zipolopolo zimayendera chilolezo cha apolisi, ndipo zimene zili zololedwa ku America sizikutanthauza kuti n'zololedwa kumene iye akukhala.

Vuto limene njira zonsezi zikulimbana nalo

Mtovu ndi wofewa, ndipo umasungunuka pa madigiri 327 okha a Celsius. Onga ukapsa kumbuyo kwa mutu wa chipolopolo, mpweya wotentha kwambiri umafuna paliponse pamene pali mpata kuti udutse, ndipo ukapeza kampata pakati pa mtovu ndi khoma la mpope umadutsa mwamphamvu n'kusenga mtovuwo, kuusiya utamatirira m'mizere ya mumpope, imene inagobedwa mopota kuti izizunguza chipolopolo. Zipolopolo zotsatira zimadutsa pa mtovu womatirirawo, zimakandika, zimasiyanso wina, mpaka mfuti imayamba kumwaza zipolopolo ndipo mwini wake amatha madzulo onse akukwecha mpope ndi burashi.

Chimene ambiri oyamba kumene samvetsa n'chakuti gwero lalikulu la vutoli nthawi zambiri si kufewa kwa mtovu kapena kuchepa kwa girisi, koma kuchepa kwa mutu wa chipolopolo. Lamulo limene oumba akhala akulitsata kwa nthawi yaitali ndi lakuti mutu wa mtovu ukhale wokulirapo kuposa m'kati mwa mizere ya mpope ndi mainchesi 0.001 kapena 0.002, kumene kuli ngati mamilimita 0.025 mpaka 0.05. N'chifukwa chake mfuti ya 9mm, imene mpope wake kawirikawiri umakhala mainchesi 0.355, amaiumbira mitu ya 0.356 kapena 0.357, pamene ya .45 ACP amaiumbira ya 0.452. Ndikutsindika zimenezi poyambirira chifukwa palibe utoto, girisi kapena chokutira chilichonse chimene chingapulumutse mutu wochepa kapena woumbidwa mosadzaza bwino. Njira zimene ndikuyerekeza pansipa zimasiyana pa mtengo, pa nthawi ndi pa ukhondo, koma zonse zimadalira kuti mutuwo ukwane bwino mumpope.

Girisi, njira yakale imene sinathe ntchito

Mitu yambiri youmbidwa imakhala ndi timizere tozungulira m'chiuno mwake, ndipo timizereti tinapangidwira kusunga girisi. Njira yodziwika kwambiri ndi ya makina amene amakankhira mutu m'chibowo cha muyezo woyenera n'kudzaza girisi m'timizere nthawi imodzi, monga Lyman 4500, RCBS Lube-A-Matic, ndi makina a Star amene amathamanga kuposa enawo. Girisi wotchuka wakale anali wosakaniza sera wa njuchi ndi mafuta otchedwa Alox, theka ndi theka. Amene alibe makina amaimika mitu m'chiwaya, kuthira girisi wosungunuka mpaka afike pa timizere, n'kudikira kuti aume. Palinso njira yachidule ya kampani ya Lee, yothira madontho a Liquid Alox m'mbale, kugubuduza mitu mpaka yonse itapakika, n'kuiyanika usiku wonse.

Girisi amagwira ntchito, ndipo mitu yopakidwa girisi yakhala ikupambana m'mipikisano kwa mibadwo ingapo. Zovuta zake n'zakuti amatulutsa utsi wambiri, makamaka m'malo owombera a m'nyumba, amadetsa mfuti ndi zida zolongera zipolopolo, amatola fumbi ndi mchenga, ndipo nyengo yotentha amatha kusungunuka. Komanso mphuno ndi tsinde la mutu zimakhala za mtovu wosakutidwa, choncho zala za wolonga zimakhudza mtovu nthawi zonse. Pali malo amodzi pamene girisi sangalowedwe m'malo, ndipo ndi pa mfuti za onga wakuda wamakedzana. Onga umenewu umasiya mwaye wouma wambiri mumpope, ndipo girisi wofewa ndi amene amasunga mwayewo uli wofewa kuti chipolopolo chotsatira chiukankhe. Utoto sungachite zimenezo, choncho wowombera mfuti zotere asavutike n'kugula uvuni wowotchera utoto.

Kukhutchumula m'chigubu n'kuwotcha

Iyi ndi njira imene inafalitsa utoto wa ufa pakati pa oumba kunyumba, ndipo ndi imene ndikuona kuti ikuyenera anthu ambiri. Utotowu ndi ufa wosalala wa pulasitiki, kawirikawiri wa mtundu wa polyester, umene ukatenthedwa umasungunuka, kuyenderera, kenako n'kulimba mwanjira yakuti sungasungunukenso. Kufakitale amaupopera ndi magetsi, koma oumba anazindikira kuti mitu ya mtovu ikakhutchumulidwa m'chigubu cha pulasitiki pamabadwa kamphamvu ka magetsi kochokera ku kukhulana, kofanana ndi kamene kamachititsa chipeso cha pulasitiki kunyamula timapepala ukachikhula m'tsitsi, ndipo kamphamvuko n'kokwanira kumatiriza ufa pa mtovu.

Chigubu choyenera ndi cha pulasitiki ya polypropylene, imene pansi pake pamakhala nambala 5 m'kati mwa chizindikiro cha makona atatu. Muikamo mitu yodzaza manja awiri kapena atatu ndi ufa wokwana sipuni yaing'ono, kutseka, n'kukhutchumula mozungulira kwa mphindi imodzi kapena kucheperapo. Ambiri amaonjezeramo timipira ta pulasitiki ta mfuti zoseweretsa za airsoft, timene timaonjezera kukhulana komanso kuteteza mitu kuti isagundane kwambiri. Mitu iyenera kukhala yoyera kwenikweni, yosakhudzidwa ndi girisi kapena thukuta la m'manja, chifukwa pamene pali mafuta utoto sugwira. Mitu imene inapakidwapo girisi kale imavuta kwambiri kuyeretsa, ndipo nthawi zambiri n'kwabwino kungoisungunulanso.

Pakatha kukhutchumula pamabwera mphambano imene oumba amasiyanapo maganizo. Ena amatola mutu umodziumodzi ndi chopanira, kuugogoda pang'ono kuti ufa wopitirira ugwe, n'kuuimika pa thireyi yoyalidwa pepala lophikira makeke, mphasa ya silikoni kapena foyilo wosamata. Ena amakhuthulira mitu yonse m'dengu la waya, kusefa ufa wotsala, n'kulowetsa dengulo mu uvuni mitu ili yogonerana. Njira yoimika imatenga nthawi yaitali koma imapereka khungu losalala ndi tsinde lathyathyathya. Njira yokhuthula imafulumira kwambiri koma imasiya timabala pamene mitu inagundana kapena pamene inakhudza waya, ndipo ina imamatirirana n'kufuna kuilekanitsa ikadali yofunda. Pa zipolopolo za mfuti ya m'manja zowombera chandamale cha pafupi, timabalato sitisintha kanthu kooneka, ndipo munthu wofuna mitu mazana ambiri sakulakwa kukhuthula. Pa zipolopolo za mfuti yaitali ndikulangiza kuimika, chifukwa tsinde la mutu ndi limene limatsiriza kutuluka mumpope, ndipo tsinde lopendama ngakhale pang'ono limapotoza ulendo wonse wa chipolopolo.

Mdani wamkulu wa njirayi ndi chinyezi. Tsiku la mvula kapena m'dera la mpweya wonyowa kamphamvu ka magetsi kaja kamathawa, ndipo mitu imatuluka m'chigubu ili yamawangamawanga. Ena amathana ndi zimenezi pofunditsa mitu pang'ono asanaikhutchumule, mpaka pamene dzanja lingaigwirebe, koma ikatentha kupitirira apo ufa umaundana n'kukhala zibuma. Vuto lachiwiri n'lakuti si ufa uliwonse umene umamvera njirayi. Pakati pa oumba a ku America n'zodziwika kuti ufa wofiira wa sitolo ya Harbor Freight unkagwira bwino m'chigubu pamene mitundu ina ya sitolo yomweyo inkakana, ndipo ufa wa Eastwood wotchedwa Ford Light Blue unatchuka chifukwa chokuta bwino ngakhale kwa woyamba kumene. Kawirikawiri ufa wonyezimira umayenderera bwino kuposa wosanyezimira, ndipo ufa wokhala ndi tizidutswa tachitsulo kapena wopangidwa kuti ukhale wokhakhala ndi wofunika kuupewa, popeza palibe amene amafuna zinthu zokanda zidutse mumpope wa mfuti yake.

Kupopera ndi chida cha magetsi

Njira yachiwiri ikutsanzira fakitale. Chida chopopera, monga chimene amagulitsa a Eastwood kapena a Harbor Freight, chimalumikizidwa ku makina opopa mpweya, chimapatsa ufa mphamvu ya magetsi pamene ukutuluka, ndipo ufawo umakokeredwa ku mitu imene yaimikidwa pa thireyi yachitsulo yolumikizidwa ndi waya wa earth wa chidacho. Ubwino wake ndi wooneka ndi maso. Khungu limakhala lofanana mbali zonse, pafupifupi ufa uliwonse umagwira, ndipo chinyezi sichisokoneza ngati mmene chimachitira m'chigubu, bola mpweya wochokera m'makina ukhale wouma.

Koma mtengo wake si ndalama zokha. Ufa wambiri umagwera pa thireyi ndi pansi, choncho pamafunika bokosi kapena kachipinda kopoperamo, ndipo fumbi limene limauluka limafuna chovala cha kumphuno chabwino. Mitu yoimikidwa pa thireyi siikutika kutsinde, ndipo utoto umene wasungunuka pa thireyi umapanga kamphepete kozungulira tsindelo kamene kamafuna kuchotsedwa. Ena amathetsa zimenezi poimika mitu pa timtedza ta mabawuti kapena pozondotsa mitu m'mbale yobooledwa kuti mphuno ibisike ndipo tsinde ndi chiuno zikutike. Kuzondotsaku kuli ndi phindu lina lalikulu limene tilione pokamba za kukula kwa mutu. Maganizo anga ndi akuti chida chopopera chikuyenera munthu amene amaumba mitu ya mfuti yaitali yowombera patali, amene amakhala kudera lachinyezi, kapena amene ali kale ndi makina opopa mpweya m'galaja mwake. Munthu wongofuna zipolopolo zophunzirira kuwombera ndi mfuti ya m'manja sapindula mokwanira kuti alipire zonsezi.

Hi-Tek ndi zokutira zamadzi

Hi-Tek Supercoat si utoto wa ufa wamba, koma ndi chokutira chimene chinapangidwira zipolopolo ku Australia, ndipo makampani a ku America monga Missouri Bullet Company ndi Bayou Bullets amagulitsa mitu yokutidwa nacho. Chimasakanizidwa ndi acetone, mankhwala amadzi osungunula utoto amene amauma msanga, pamuyezo umene ambiri amatsata wa magalamu 20 mu mamililita 100, kenako pang'ono pokha pamathiridwa pa mitu m'chidebe, kugubuduza kwa masekondi ochepa, n'kukhuthulira pa sefa kuti iume. Ikauma bwinobwino imawotchedwa pa madigiri pafupifupi 200 kwa mphindi 10 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo zonsezi zimabwerezedwa kawiri kapena katatu.

Khungu lake ndi lopyapyala kwambiri kuposa la utoto wa ufa, choncho silisintha kwambiri kukula kwa mutu, ndipo mitu siimatirirana ngakhale iwotchedwe itaunjikana. Ichi n'chifukwa chake njirayi imakondedwa ndi anthu oumba mitu masauzande. Koma imalanga msanga munthu wopupuluma. Wothira zambiri pa ulendo woyamba, kapena wolowetsa mitu mu uvuni isanaume kwenikweni, amapeza khungu likusendeka, ndipo khungu loyamba likalephera kugwira, lachiwiri ndi lachitatu silingakonze. Acetone imayaka msanga ndipo siyenera kuyandikira uvuni woyaka. Pali ena amene amasungunula utoto wa ufa wamba mu acetone kapena mu thina n'kugubuduzamo mitu, koma zotsatira zake zimakhala zokhakhala ndi zosafanana, ndipo sindikuona chifukwa chosankhira njira imeneyo pamene chigubu chouma chilipo.

Uvuni ndiye mwini nkhani

Anthu amakangana kwambiri za mmene ufa ufikira pa mtovu, koma mitu yambiri imene imalephera imalepherera mu uvuni. Ufa wambiri wa polyester umafuna madigiri 200 mpaka 205, amene pa mauvuni a ku America, oyendera Fahrenheit, ndi 400, ndipo oumba ambiri amawotcha kwa mphindi 20. Chofunika kumvetsa n'chakuti nthawi imene wopanga ufa walemba pa paketi imayamba kuwerengedwa pamene chitsulocho chafika pa kutentha kumeneko, osati pamene chitseko cha uvuni chatsekedwa. Thireyi yodzaza mitu yolemera ya .45 imatenga mphindi zingapo kuti itenthe, ndipo munthu amene wawerenga kuyambira pa chitseko amatulutsa mitu yooneka yonyezimira koma yosapsa m'kati. Utoto wosapsa umasiya zinyalala zolimba mumpope zimene zimavuta kuchotsa kuposa mtovu weniweniwo.

Mbali ina ya vutoli ndi kutentha kopitirira. Timauvuni tating'ono ta magetsi timene anthu amagula pa ntchitoyi timanama kawirikawiri, ndipo kachitsulo kotembenuza kakaloza 200, m'kati mungathe kukhala motentha kwambiri kuposa apo, makamaka pafupi ndi mawaya ofiira. Mtovu wosakaniza ndi zitsulo za tin ndi antimony umayamba kufewa pansi kwambiri kuposa mtovu weniweni, moti linotype, mtovu umene osindikiza mabuku akale ankaumbira zilembo, umasungunuka pa madigiri pafupifupi 240. Kusiyana pakati pa kupsa bwino kwa utoto ndi kupindika kwa mitu n'kochepa choncho. Chipangizo choyezera kutentha choikidwa pa thireyi pomwepo n'chotsika mtengo kuposa zida zambiri za m'nkhani ino, koma ndi chimene ndingalangize munthu kuti agule choyamba. Uvuni wokhala ndi fani yozunguza mpweya umawotcha mofanana kuposa wopanda fani. Uvuni umene walowapo mtovu ndi utoto usadzalowenso chakudya, ndipo kuwotchaku kuchitikire panja kapena m'galaja lotsegula.

Pali mayeso awiri amene aliyense ayenera kuchita pa thireyi iliyonse, kaya watsata njira iti. Oyamba ndi kutenga mutu umodzi wozizira, kuuika pa chitsulo, n'kuuphwanya ndi nyundo mpaka utaphwatalala. Khungu lopsa bwino limatambasuka pamodzi ndi mtovu osasendeka, pamene losapsa kapena lopakidwa pa mafuta limathetheka. Achiwiri ndi kukhula mutu wina ndi kansalu koviikidwa mu acetone kwa theka la mphindi. Ngati mtundu wa utoto ukutsalira kwambiri pa kansaluko kapena khungu likunata, mituyo ibwerere mu uvuni.

Kukula ndi kuuma kwa mutu utoto ukapsa

Utoto wa ufa umaonjezera kukula kwa mutu ndi mainchesi 0.001 mpaka 0.003, malinga ndi ufa ndi kuchuluka kwake. Kwa munthu amene chikombole chake chimatulutsa mitu yocheperapo, ili ndi dalitso, chifukwa chikombole chimene chikanatayidwa chimayambanso kugwira ntchito. Kwa ena onse zikutanthauza kuti mitu iyenera kudutsa m'chibowo cha muyezo ikatuluka mu uvuni, ndipo chida chotsika mtengo cha Lee chokankhira mutu kuchokera pansi chimakwanira. Utoto wopsa bwino susendeka podutsa m'chibowomo, ndipo ukasendeka ndiye kuti china chake chalakwika kale.

Chimene chibowo cha muyezo sichikonza ndi mphuno. Chibowocho chimafinya chiuno cha mutu chokha, pamene mphuno imatsala ndi kunenepa kwake kwatsopano. Pa mfuti za 9mm zimene khomo la mpope wake ndi lalifupi, komanso pa mitu ya mfuti yaitali imene mphuno yake inapangidwa kuti itsamire pamwamba pa mizere ya mumpope, kunenepa kochepako n'kokwanira kuti chipolopolo chikane kulowa. Apa ndi pamene Hi-Tek ndi khungu lake lopyapyala imapambana, ndiponso pamene kupopera mitu yozondotsedwa, mphuno itabisika, kumasonyeza phindu lake. Munthu asanalonge zipolopolo zambiri ayenera kupanga chimodzi chopanda onga n'kuona ngati chikulowa mosavuta. Asayese kuthetsa vutoli pongokankhira mutu m'kati mwa chigoba mopitirira muyezo wa m'buku la malangizo, chifukwa kuchepetsa malo a onga kumakweza mphamvu ya kuphulika, makamaka m'zigoba zazing'ono.

Nkhani ya kuuma ndi imene ambiri amaiiwala. Pa muyezo wa Brinell, woyezera kuuma kwa zitsulo, mtovu weniweni uli pa 5, wosakaniza wotchedwa Lyman No. 2, wa magawo 90 a mtovu, 5 a tin ndi 5 a antimony, uli pa 15, ndipo linotype ili pafupifupi pa 22. Oumba ambiri amaumitsa mitu ya mtovu wokhala ndi antimony poigwetsera m'madzi ikangotuluka m'chikombole. Koma mphindi 20 mu uvuni wa madigiri 200 zimafafaniza kuuma kumeneko ngati mituyo izizira pang'onopang'ono pa mpweya. Wofuna mitu yolimba aigwetsere m'madzi ikangotuluka mu uvuni, osati m'chikombole, ndipo adziwe kuti kuumako kumapitiriza kukwera kwa masiku angapo. N'chifukwa chake n'kwanzeru kuidutsitsa m'chibowo cha muyezo tsiku lomwelo isanalimbe. Chosangalatsa n'chakuti utoto umalola mtovu wofewerapo kuthamanga popanda kudetsa mpope, ndipo zimenezi zafika pa nthawi yake. Timiyala ta mtovu tolinganizira matayala a galimoto, timene kwa zaka zambiri tinali gwero lotsika mtengo la oumba, tikusowa. European Union inatiletsa mu 2005, California mu 2010, ndipo tambiri ta masiku ano ndi ta chitsulo kapena ta zinki. Zinki akalowa mumphika amaononga mtovu wonse, kuusandutsa phala lokana kudzaza chikombole.

Pamene utoto ufika malire ake

Pali anthu amene amanena kuti mutu wokutidwa ndi utoto ndi wofanana ndi mutu wovekedwa chikhungu cha mkuwa chotchedwa jekete, ndipo ndikuona kuti mawu amenewa amasocheretsa. Utoto umaletsa mtovu kumatirira mumpope, koma suonjezera mphamvu ya chitsulo chimene chili m'kati mwake. Liwiro ndi mphamvu ya onga zikakwera, mtovu wofewa umapindika ndipo umalephera kugwira mizere ya mumpope, choncho mpope umatsala woyera koma zipolopolo zimamwazika pa chandamale. Oumba akale ankati mutu wa tsinde wamba wopakidwa girisi umafika pa mamita pafupifupi 430 pa sekondi, ndipo kupitirira apo pamafunika kakapu ka mkuwa kotchedwa gas check kamene kamavekedwa kutsinde. Utoto wakankhira malirewo patsogolo, koma pa mfuti yaitali yothamangitsa mutu mamita 600 pa sekondi kapena kuposa, kakapuko kakadali kofunika, ndipo ambiri amakaveka asanakute kuti utoto ukamange pamodzi ndi mtovu. Muyezo wa onga uzitengedwa m'mabuku a mitu ya mtovu, monga a Lyman, osati m'masamba a mitu ya jekete. Njira yakale yokulunga mutu ndi pepala, imene inkagwiritsidwa ntchito pa mfuti za Sharps m'zaka za m'ma 1800, imafikanso pa liwiro lalikulu, koma imafuna luso ndi nthawi zimene ndi ochepa okha ali nazo.

Oumba ena aonanso kuti mitundu ina ya onga wokhala ndi nitroglycerin wambiri imafewetsa utoto wa kutsinde zipolopolo zikasungidwa nthawi yaitali. Mayeso ake ndi osavuta, ongoika mutu wokutidwa m'kabotolo ka onga umene munthu amagwiritsa ntchito n'kuuona pakatha milungu ingapo. Wosaka nyama akumbukirenso kuti mutu wokutidwa ndi wa mtovu ndithu pamaso pa lamulo, moti ku California, kumene kusaka ndi zipolopolo za mtovu kunaletsedwa m'dera lonse kuyambira pa 1 July 2019, utoto sumupulumutsa.

Tisaiwale kuti kugula zokutidwa kale ndi njira nayonso. Maganizo okuta mtovu ndi pulasitiki si atsopano, popeza zipolopolo za Nyclad, zokutidwa ndi nayiloni, zinayamba ndi kampani ya Smith & Wesson kenako n'kupitirizidwa ndi Federal, ndipo mu 2016 Federal inatulutsa za Syntech. Munthu amene amawombera mwa apo ndi apo, kapena amene alibe malo otetezeka osungunulirapo mtovu, amachita bwino kugula mitu yokutidwa kale n'kusiya mphika ndi uvuni kwa ena.

Thanzi la woumba ndi la apabanja pake

Phindu la utoto limene ndimaliona kukhala lalikulu kuposa mpope woyera ndi lakuti mutu ukakutidwa, zala za wolonga sizikhudzanso mtovu, ndipo utsi ndi fumbi la mtovu pa malo owombera zimachepa. Koma phinduli limayamba pokhapokha mitu itatuluka mu uvuni. Ntchito yonse ya m'mbuyo, kusankha mtovu wakale, kuusungunula, kuyengula zinyalala zoyandama pamwamba ndi kutola mitu, ikadali ya mtovu wosakutidwa. Pa kutentha koumbira, mtovu sutulutsa nthunzi yambiri, popeza umawira pa madigiri oposa 1,700. Njira yake yeniyeni yolowera m'thupi ndi fumbi ndi manja osasamba amene agwira chakudya kapena ndudu. Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mulingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza, ndipo mu 2021 bungwe la zaumoyo la ku America la CDC linatsitsa muyezo wake woyang'anira ana kufika pa mamaikulogalamu 3.5 pa desilita. Amene akudziwa za tawuni ya Kabwe ku Zambia, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma fumbi lake likuvulazabe ana mpaka lero, safunika kuuzidwa kawiri kuti zovala za ntchitoyi zisasakanizidwe ndi za ana ndiponso kuti mayi woyembekezera asayandikire malo oumbira.

Mabatire a galimoto asakhale gwero la mtovu ngakhale atapezeka mwaulere, chifukwa mbale zake zimakhala ndi asidi ndi zitsulo zina zimene zinyalala zake zikakumana ndi chinyezi zimatha kutulutsa mpweya wakupha. Madzi ndi oopsanso mwanjira ina, popeza chinthu chonyowa chikamira mu mtovu wosungunuka, madziwo amasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kumwaza mtovu wamoto, choncho chidebe chogwetseramo mitu chikhale kutali ndi mphika, ndipo mitu yokanidwa imene inanyowa iume kotheratu isanabwerere mumphika. Ufa wa utoto nawo si wosewera nawo. Mitundu yambiri ya polyester imakhala ndi mankhwala olimbitsa otchedwa TGIC, amene amayabwa khungu, amavulaza akapumidwa, ndipo ku Ulaya anaikidwa m'gulu la mankhwala otha kuononga chibadwa cha maselo. Pali ufa wopanda TGIC umene umalembedwa choncho pa paketi, ndipo wokhutchumula m'chigubu adikire masekondi angapo fumbi likhazikike asanatsegule chivindikiro, atavala magolovesi ndi chophimba kumphuno chokhala ndi sefa ya fumbi losalala.